Dazi ndi Nsanja ya Alamu

Kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye kunali kadimba, khola la nkhuku, ndi thanki ya madzi yokhala pa nsanja ya matabwa. Nkhuku za pamenepo sizinkadya zaulere. Mayiyo akazula masamba pabedi ankazitsegulira, izo n'kupalasa, kutola mbozi ndi nkhono, n'kusiya zitosi. Kabichi wake ankachita kukula ngati mutu wa mwana wosamva, ndipo mazira sankasowa m'mbale.

Pa nkhuku zonsezo panali imodzi yokalamba, ya khosi lopanda nthenga, dzina lake Dazi. Inali itasiya kuikira kalekale. Mayiyo ankaikonda chifukwa anaibweretsa ndi malemu amuna ake ili kamwanapiye, ataibisa m'chipewa.

Pakhomo pomwepo pankakhala mlamu wake, mng'ono wa malemuwo, kalipentala wa pakamwa potalika kuposa sowo yake. Mazira ankadya m'mawa uliwonse, koma khola sanasesepo ndi tsiku limodzi. Nsanja ya thanki ija anakhoma ndi iyeyo, n'kuipaka penti wobiriwira, ndipo mlendo aliyense ankayamba waiona asanapatsidwe mpando.

Ndiye Dazi anayamba khalidwe lachilendo. Anzake akapita kudimba, iye ankalunjika pa mwendo umodzi wa nsanjayo, n'kumapalasa ndi kujompha ngati wakwiyira thabwalo.

"Alamu, gogo wanuyu akundikandira penti," anatero kalipentala.

"M'malo molongolola, bwanji osawerama n'kuona chimene akufunapo?" anayankha mayiyo, akupukuta mazira.

"Ine ndiwerame chifukwa cha nkhuku? Nsanja iyi ndakhoma ndi manja awa. Idzakhalapo inu ndi ine titapita."

Kalipentalayo anaikapo mwala. Dazi anapalasa m'mbali mwa mwalawo. Anamuthira madzi, Dazi anadzikutumula n'kubwereranso. Bamboyo zinamupweteka ngati watukwanidwa ndi mwana. Inu mukuwadziwa amuna oterewa: khutu lilipo, koma ndi lopachikapo pensulo basi.

Tsiku lina anabwera akumwetulira. Mwini malo odyera wina ankafuna nsanja yonga yomweyo, ndipo ankabwera kudzaiona.

"Mlendo wotere sadyera mazira," anatero. "Dazi alowa mumphika. Nkhuku yosaikira ndi ndiwo zoyenda."

Mayiyo anaika mbale pansi. "Bwerezani, alamu."

"Ndati yakalamba, ikungotha chakudya."

"Nanenso ndinasiya kubereka. Mukanole mipeni iwiri."

"Aaa, alamu, inu mumapsa mtima msanga ngati chitini pamoto."

Mayiyo anakalipa mpaka mawu kusasa, koma mlamuyo anangoseka. M'mawa wa tsiku la mlendoyo, mayiyo ali mkati kukonza tebulo, kalipentalayo anagwira Dazi n'kumumanga mwendo ku mtengo wa gwafa. Kenako anatsegula mpopi kuti thanki idzaze mpaka pakamwa, zimene sankachita masiku onse, kuti mlendo aone mphamvu ya matabwa ake.

Mwini malo odyera uja anafika atavala nsapato zoyera. Kalipentala anamutengera kuseri, mpeni uli m'dzanja, akuloza uku ndi uku.

"Bwana, apa ngakhale njovu ikhoza kugonapo," anatero, n'kumenya mwendo uja ndi chikhatho.

Thabwalo linalira ngati bisiketi. Nsanja inagwada mwendo umodzi, mwaulemu ndithu, ndipo thanki inapendeka n'kukhuthula madzi onse pa wokhoma nsanjayo. Kalipentala anakhala pansi m'matope, miyendo m'mwamba, mpeni uko, pensulo uko. Mlendo analumphira pabedi la anyezi, nsapato zake zoyera zija n'kusanduka za kumunda.

Mayiyo anatuluka akuthamanga. Ataona kuti palibe wavulala, anayang'ana mwendo wothyokawo. Kunja unali wobiriwira bwinobwino, koma mkati munali dothi lokhalokha, ndipo chiswe chinkatuluka ngati anthu otuluka m'bwalo la mpira. Anaseka mpaka kugwira khoma. Kuyambira pa maliro a amuna ake anali asanasekepo choncho.

"Alamu, njovu ija yadzuka?"

Sanadikire yankho. Anatola mpeni uja m'matope, n'kudula chingwe cha Dazi, n'kutsegulanso khola. Nkhuku zonse zinathamangira phwandolo, Dazi ali patsogolo, akujompha pakati pa miyendo ya munthu amene amafuna kumudya.

Mlendo uja, akukolopa nsapato ndi tsamba, anafunsa kuti, "Kodi nkhuku iyi mumagulitsa? Kwanga kuli mashelefu amene sindikuwakhulupirira."

"Sagulitsidwa," anatero mayiyo. "Koma kalipentala mukhoza kumutenga, ndi waulere."

Onse anaseka, ngakhale kalipentalayo, madzi akutsika m'makutu. Masana amenewo anadya mazira okazinga ndi kabichi, ndipo palibe anadandaula.

Nsanja yatsopano kalipentalayo anaiimika pa njerwa, matabwa osagunda dothi. Ya mlendo uja anakhomanso chimodzimodzi. Ndi zidutswa zotsala anapangira Dazi kamakwerero kolowera m'khola, poti miyendo yake inali itayamba kuuma. Masiku ano akagula matabwa amawayala pabwalo, n'kuitana kuti, "Alamu, tandibwerekani akuluakulu aja, a Dazi, adzawayendere." Khola amasesa yekha, ngakhale amasesa moipa.

Tsono inu amene mumayeza chamoyo ndi mazira okha, mumve. Akale ananena za galu, koma pakhomo paja inatsimikiza ndi nkhuku ya khosi lometa: galu wamkota sakandira pachabe.