Mzere Umene Mphunzitsi Anadula

Panali mphunzitsi wina wa Chingerezi pa sekondale yoyendera, munthu wokonda ana ake koma wa dzanja lofulumira. Ankaphunzitsa a Folomu 3 kulemba nkhani zazifupi kwambiri, zija zimatha munthu asanatembenuze tsamba. Nyimbo yake inali imodzi: "Chosafunika, dulani!" Koma poti ana amachedwa, ankawadulira yekha ndi bolopeni yofiira, khwaa, khwaa, mpaka anamupatsa dzina loti Chikwanje. Dzinalo ankalidziwa, ndipo pansi pa mtima ankalikonda.

M'kalasimo munali mtsikana wina, Mwatitha, wofatsa ngati alibe pakamwa, koma polemba anzake onse sankamufika. Iyeyu analemba za tsiku limene achimwene ake anakwera basi ya ku Joni, osamvekanso mpaka lero. Nkhaniyo inadzaza masamba. Munali depoti, munali misozi, ngakhale fumbi la basi linalimo. Chakumapeto analembako kuti Loweruka lililonse amayi ake amachapa shati ya achimwenewo n'kuiyanika pachingwe, chonsecho palibe woivala.

Mphunzitsi atawerenga anakondwa. "Apa pali wolemba," anatero mumtima. Kenaka bolopeni inayamba ntchito yake. Atafika pa shati anati, "Zochapazi zikulowa pati, munthu wapita kale?" Khwaa!

M'mawa mwake anawerengera kalasi nkhani yodulidwayo monyadira, nafunsa monga mwa nthawi zonse: "Wolembayu akutiuza chiyani?"

Mnyamata wina anaimika mkono. "Akuti munthu anakwera basi, aphunzitsi."

Kalasi yonse inafa nazo kuseka, kupatula Mwatitha. Kuyambira tsikulo kope lake linkabwera lili ndi dzina ndi deti basi, pansi pake mbee. Mphunzitsi anakalipa, osathandiza. Ananyengerera, ayi ndithu. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa ana olemba chonchi sabwera chaka chilichonse, ndipo ankaona kuti uyu akumupulumuka m'manja.

Tsiku lina anzake atatuluka kukapuma, mphunzitsi anamuitana Mwatitha pakhonde.

"Mwana wanga, ndakulakwira chiyani?"

"Palibe, aphunzitsi." Anakanda pansi ndi nsapato. Kenaka anati, "Kungoti munadula pamene panali amayi."

Mphunzitsi anasowa poyang'ana. Anachita manyazi, munthu wamkulu, pamaso pa mwana. Sanadziteteze ayi. Anasolola bolopeni yofiira m'thumba la malaya, imene sankabwereka ngakhale mphunzitsi mnzake, naiika m'dzanja la mtsikanayo.

"Kailembenso yonse mmene inalili. Ukatero udule wekha. Ine sindikhudzaponso."

Abale, mwanayo anadula! Anadula mopanda chisoni kuposa mphunzitsi wake. Depoti inapita, misozi inapita, basi nayo inapita. Lolemba anaimirira kutsogolo kwa kalasi, nawerenga zimene zinatsala. M'chinenero chathu tingati zinali izi:

"Achimwene anapita ku Joni. Loweruka amayi anachapa shati yawo. Loweruka linalo anaichapanso."

Mphunzitsi asanafunse n'komwe, mtsikana wina kumbuyo ananena chapansipansi, "Amayiwo akudikirabe." Wina anati, "Akudziwa kuti sabwera, koma akasiya kuchapa ndiye kuti avomera." Manja anayamba kukwera, ana akutsutsana, ena akutchula za kwawo, chifukwa m'mudzi uti mulibe wopita ku Joni? Belu linalira, palibe anadzuka.

Potuluka, Mwatitha anaima pa tebulo la mphunzitsi. "Aphunzitsi, ndili ndi ina. Ndibweretse mawa?"

Mphunzitsi anangogwedeza mutu kuvomera.

Tsono inu amene mukupita kukagwira choko, mvetsani. Kudula n'kofunika, ndipo nkhani yaifupi imabadwa podula. Koma wodziwa pamene pali mtima wa nkhani ndi mwiniwake. Mwana muphunzitseni kudula, musamudulire. Ndipo dzanja likamakuyabwani pa mzere umene mukuuona ngati wachabe, yambani mwamufunsa mwanayo kuti mumzeremo muli ndani.