Mfuti Imene Mlamu Sangaimve

Tsiku lina swala ya madzulo ya Asiri itangotha, Che Lajabu anafika kwa Shehe Ndembo ku Liwonde, foni ili m'manja, nkhope ili gwa. Anawapeza atakhala pakhonde la madrasa akumata ndowa ya madzi a udhu, osamba asanaswali, imene inkadontha. Shehe amenewa, Allah awachitire chifundo, asanayambe kuphunzitsa anakhalapo msilikali zaka khumi ndi zisanu, ndipo makiyi a nyumba ya zida ankasunga ndi iwo. Koma nkhaniyo sankaikonda ayi. Ukaiyamba ankangoti, "Zakale zimenezo," n'kukufunsa ngati kunyumba adzuka bwino.

Lajabu anali ndi chisoni chake. Miyezi iwiri m'mbuyomo mkulu wake Sumani anawomberedwa ndi achifwamba m'shopu yake ku Joni, ndipo mtembo utafika anausambitsa ndi Shehe Ndembo omwewa. Abale anagwirizana kuti Lajabu ndiye apite akapitirize shopuyo, poti mabanja onse awiri amadyera momwemo. Mantha anamugwira mwamunayu, tulo osabwera, koma pakamwa pake sipankatuluka mawu oti ndikuopa. Ankangoti, "Ine sadzandipeza ngati nkhuku." Choncho anabwereka mfuti ya mpweya kwa mnzake, n'kumaphunzira kulasa chandamale kuseri kwa nyumba madzulo alionse.

Atapatsana salamu, Lajabu anakhala pa benchi n'kuyamba.

"Shehe, sindinabwere ndi funso la chipembedzo. Zimenezo ndimazidziwa, ndinamaliza madrasa ine. Ndabwera kwa msilikali."

"Msilikaliyo anakalamba, Che Lajabu, koma nenani. Chimene ndikudziwa ndikuuzani, chimene sindidziwa ndikuuzaninso kuti sindidziwa."

Lajabu anawaonetsa zithunzi ziwiri pa foni. China chinali cha mfuti ya mpweya ija, yoponya timachaka ta mtovu. China chinali cha volovolo yaing'ono ya zipolopolo zing'onozing'ono, imene anzake a ku Joni anamuuza kuti siphokosera kwambiri.

"Ya mpweyayi ndi chidole, Shehe. Sigwedeza dzanja, munthu suzolowera mfuti yeniyeni. Ndikufuna ndikatenge chilolezo ndigule volovoloyi. Koma mukudziwa kuti puloti yathu ndi imodzi ndi ya malemu, ndipo alamu anga Abiti Daudi ali m'nyumba pa eda, kubindikira kwa namfedwa. Ine si munthu wosaganiza. Sindikufuna amve kanthu. Ndiye mundiuze, pa ziwirizi yachete kwenikweni ndi iti?"

Apa tinene chilungamo, Lajabu sankanama. Ankawakonda alamu ake, ndipo ufa ndi ndiwo ankatumiza tsiku ndi tsiku osaphonya. Kungoti ankayembekeza kuti Shehe amuyamikira pa kuganizira kwakeko.

Shehe anaika ndowa pansi, n'kuyang'ana zithunzi zija modekha, foni ataitalikitsa poti magalasi anawaiwala m'nyumba.

"Anzanuwo akunamizani pang'ono," anatero. "Volovolo, ngakhale yaing'ono chotani, mkati mwake mumaphulika onga, ndipo onga sadziwa kunong'ona. Kuseri kwa nyumba ingamveke mpaka kumsika. Komanso chipolopolo chake n'chaching'ono m'maso mokha. Chimaboola mpanda wa bango ngati palibe kanthu, n'kupita kutali kumene inu simukuona, kumene kuli ana a eni ake. Imeneyo malo ake ndi kumene kunakonzedwera kuwombera, osati pakati pa nyumba za anthu. Ya mpweyayi ndiye yofatsa. Imangoti phwa, ngakhale kachaka kake kakagunda cholimba kamabwerera, ndipo diso la munthu silichedwa kuphulika. Mukandifunsa ngati msilikali, yankho ndi limenelo."

"Basi, ndapeza," anatero Lajabu akudzuka. "Ndipitiriza ndi ya mpweya yomweyi. Ndinadziwa ine kuti siimveka."

"Takhalani pang'ono, mwana wanga. Inenso ndili ndi funso, ngati mungandilole."

Lajabu anakhalanso, koma m'mphepete mwa benchi, ngati munthu amene basi yamuimira.

"Mukamaphunzira, mumawombera kangati musanapume?"

"Katatu, Shehe. Ndi mmene odziwa amachitira. Umawombera katatu, kenako umapita kukaona ngati mabowo ayandikana. Akayandikana ndiye kuti dzanja lakhazikika. Dzulo onse atatu analowa pa malo oti n'kuphimba ndi chivindikiro cha botolo."

Ananena monyadira, akudikira kuti msilikali wakale agwedeze mutu. Koma Shehe anangowerama, n'kufunsa motsitsa.

"Nanga chandamale chanu n'chiyani?"

"Chitini cha mafuta ophikira, ndachipachika pa mtengo wa mango."

"Mtengo umene uli pafupi ndi zenera la kuchipinda kwa malemu?"

"Womwewo. Koma zenera limakhala lotseka, Shehe."

Shehe anapumira m'mwamba. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo sanaibise.

"Che Lajabu, pali mawu amene ndakhala nawo masiku asanu, ndikusowa poyambira. Ndimati ndibwere kwanu, koma ndinachita ulesi wa munthu woopa kukhumudwitsa wofedwa. Allah andikhululukire, wakutumani yekha. Mayi a kunyumba kwanga amapita kwa alamu anu madzulo alionse kukawerenga nawo mapemphero a duwa. Lachisanu lapitali ali mkati mowerenga, kunja kunamveka phwa, chitini n'kuti ngwe! Abiti Daudi anasiya mikanda ya tasibihi, n'kupinda chala chimodzi. Kachiwiri, anapinda china. Kachitatu, anapinda chachitatu, kenako anadzigwetsa pa mkeka, atadziphimba kumutu. Patapita kanthawi munayambanso, iwonso anayambanso kuwerenga ndi zala."

Shehe anamuyang'ana Lajabu m'maso n'kupitiriza.

"Tsiku la maliro alamu anuwo anandifunsa ali kuseri kwa nsalu kuti, 'Shehe, mwawasambitsa ndinu, anawawombera kangati?' Ndinayesa kuzemba, koma anandilumbiritsa, ndipo ine bodza sindinathe. Ndinawauza. Mabala anali atatu, onse pachifuwa, oyandikana."

"Sanandiuzepo," anatero Lajabu, mawu akuthothoka. "Bwanji sanatume ngakhale mwana kudzandiletsa? Ndikanasiya tsiku lomwelo!"

"Akanayambira pati? Inu ndi amene mukuwadyetsa. Inu ndi amene mukupita kukaima pamene anagwera amuna awo, chifukwa cha ana awo. Munthu wotero amamuuza kuti akusokosa? Anawapempha mayi a kunyumba kuti asanene kwa aliyense, akuti mlamu wanga akuopa, musiyeni aphunzire, mwina iye akabwerako wamoyo. Ndipo kuthawa sangathawe. Wina aliyense akanapita kwa mnzake kukacheza mpaka inu mutamaliza, koma wa pa eda sachoka panyumba popanda chifukwa chachikulu. Amakhala momwemo, n'kumadikira nthawi ya Asiri ngati munthu wodikira chikwapu."

Foni inagwa m'manja mwa Lajabu, ndipo sanaitole. Analira munthu wamkulu, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda. Shehe anamusiya alire, dzanja lawo lili paphewa pake.

Atatonthola anafunsa motsitsa, kudzitama konse kutatha. "Ndiye nditani, Shehe? Kupita ndipitabe, ndipo ndikuopa. Ndikuopa kwambiri. Palibe mfuti ina yofatsa kuposa imeneyi?"

"Za mantha anuwo mubwere mawa, tidzakhale pansi, poti inenso ndinaopapo ndipo mfuti ndinali nayo m'manja. Kuphunzira kudziteteza si tchimo, ndipo malo oyenera aliko, kutali ndi nyumba. Koma funso lanu la lero ndikuyankhani lero. Mfuti imene alamu anu sangaimve kulibe amene anaipanga, chifukwa khutu la wofedwa limamva ngakhale chimene mnansi sakumva. Pitani mukatsitse chitinicho. Mkulu wanu tinamuika m'manda kamodzi, Che Lajabu. Musamamuphenso madzulo alionse pa zenera la mkazi wake."