Mbuzi Imodzi ya a Dzoole

Kalekale, chaka chimene mliri wa chifuwa unatseka njira zonse, kunali mkulu wina woluka mphasa, a Dzoole. Munda analibe, ankasinthitsa mphasa ndi chimanga kumsika. Mliri utafika, misika inatsekedwa ndipo pamadooko anaikapo alonda a zibonga. Anthu amene ankadyera mbale imodzi anayamba kudyera kuseri kwa chitseko, ndipo mawu oti "tiyeni tidye" anasowa m'mudzi.

Posakhalitsa a Dzoole nawo anayamba kutsokomola. Anansi awo, omwe aja ankabwereka mphasa pamaliro ndi paukwati, anawatsekera m'nyumba n'kuunjika minga pakhomo. Anthu ndi oipa, inu! Masiku anayi mkuluyo anagona osalawa kanthu. Mwana wawo wotsiriza, Lekeleni, ankakhala pafupi ndi khanda kumsana, koma ufa analibe ngakhale wodzaza chikhatho. Anapita kumtsinje n'kufuulira abale ake awiri a kutsidya.

Woyamba kubadwa, Ndaziona, anali atatsala ndi chimanga cha mbewu chokha, chopachika kudenga kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Anachitsitsa, anachisinja. Mwamuna wake atapeza kudenga kulibe kanthu anati, "Wadyetsa abambo ako munda wa ana anga?" Mwamunayo anapinda zovala zake n'kubwerera kwawo. Mvula inagwa, munda unamera udzu.

Mlongo wake, Chikaiko, anasenza ufawo n'kuwoloka mtsinje. Alonda anamugwira atangoponda mtunda. Iye anagona chafufumimba pathumbapo, zibonga n'kumagwera pa iye. Ufa unafika wonse, koma dzanja lake lamanja linathyoka, ndipo linapola mokhota moti khasu sakanagwiranso.

Lekeleni anaphika phala n'kukankhira mbale m'nyumba ndi nsungwi yaitali, monga lamulo linkanenera. A Dzoole ankaiona mbaleyo, fungo ankalimva, koma mphamvu zokwawira analibe. Masiku awiri anangoyang'ana nyerere zikudya thukuta la ana awo. Tsiku lachitatu Lekeleni anakankha minga, analowa, anawatsamiritsa pachifuwa pake n'kuwamwetsa. Bambo anachira, iye anadwala. Anapulumuka ndithu, koma mkaka unauma, khanda n'kuyamba kufota.

Mliri utatha, a Dzoole anapita kumsika ndi mphasa zawo zonse, n'kubwerako ndi mbuzi imodzi yaikazi yokamwa. Chuma chawo chonse chinali chomwecho. Anaitana ana awo kuti athokoze, koma atawaona atakhala pabwalo, owonda, osayang'anana, mtima wawo unawawa.

Ndaziona anati, "Bambo, ana anga anayi akudya mizu. Ndipatseni mbuziyi ndikasinthe ndi chimanga. Popanda mbewu yanga, awa akananyamula chiyani?"

Chikaiko anakweza dzanja lake lokhota nati, "Achemwali, ufa wanu ukanawoloka wokha? Kulima ndalephera, Bambo. Chimene ndingathe tsopano ndi kuweta basi."

Lekeleni anangovundukula khanda lija kuti onse alione nthiti. Kenaka anati, "Ufa unafika pakhomo, inde. Nanga pakamwa panu unafika ndi yani? Uyu akapanda kumwa mkaka sabata ino, mukumba manda."

Anansi aja a minga anabweranso, tsopano ali ndi nzeru zambiri: "Iphani mugawane!" Nyama ya masiku awiri, kenaka onse njala yomweyo. Amati chibale n'fupa sichiola, koma fupa silikhutitsa mwana.

A Dzoole anagwira chingwe cha mbuzi. Misozi ili m'maso anati, "Ana inu, mukanandileka ndife. Nkhalamba imodzi yadya banja, dzanja ndi bere. Lero ndikapatsa mmodzi, awiri ndawapha ndine."

Palibe mwana amene anawatsutsa, ndipo chimene chinawapweteka koposa ndi chimenecho.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, musathawe mlandu. Chingwe chija chili m'manja mwanu: mupatsa amene anasinja mbewu yake, amene anathyoka dzanja, kapena amene analowa m'nyumba ya minga? Nanga awiri otsalawo mukawauza chiyani?