Bangwe wa pa Phiri la Mkamwini

Kalekale, anthu akadavala nyanda, mbumba ya Mtsekwe inawoloka mtsinje wa Bua kuchokera kumpoto ndi kumanga mudzi patsinde pa phiri lina lopanda dzina. Akuluakulu amati m'badwo wachitatu ndiwo unalandira mkamwini woyimba bangwe, Chadzunda wa mfunda wa Mbewe, amene anakwatira Nankhoma, mdzukulu wa Mtsekwe.

Pa khasu Chadzunda analibe dzanja. Alamu ake ankamuseka kuti mizere yake imakhota ngati njira ya mbuzi. Koma nyimbo ankapeka yekha, za ukwati, za dzombe, za alamu omusekawo, ndipo midzi yakutali inkamuitana kumasadaka. Nyimbo imene ankaikonda koposa anaipekera mwana wake mmodzi yekhayo, Nambewe: mwana ankasinja, bambo n'kumayankha ndi nsambo za bangwe pakati pa kugunda kwa munsi.

Nambewe asanathe msinkhu, Nankhoma anamwalira. Atameta maliro, Gwirize, mlongo wake wa malemuyo, anasudzula Chadzunda monga mwa mwambo, pakuti mwana ndi wa kuchikazi ndipo mkamwini woferedwa amabwerera kwawo.

"Alamu, sitikukuthamangitsani," anatero Gwirize misozi ili m'maso, "koma mwanayu ndi mbumba yathu."

Chadzunda sanatsutse. Anagwira mwana wake paphewa nati, "Iwe mayi wanga, ukamasinja uzisiya mpata wanga."

Kwawo sanafikeko. Anakwera phiri lija, kunja kwa malire a mudzi, namanga msasa pathanthwe, ndipo kuyimba m'midzi anakusiyiratu. M'mawa mwake Nambewe akusinja uku akulira, anagunda kawiri n'kuimitsa munsi m'mwamba, ndipo bangwe anayankha kuchokera kuphiri. Zinatero zaka makumi awiri. Nambewe anakwatiwa, nabala Kamtsitsi ndi Mwandida, osasowa bambo ake ngakhale tsiku limodzi.

Chaka china osaka nyama anapeza Chadzunda atamwalira kalekale mumsasamo, bangwe atadyedwa kale ndi chiswe, ngakhale kuti nyimbo ija inali isanaleke kumveka, ndipo anamuika pomwepo. Atamva uthengawo, Nambewe analira masiku atatu osakhudza mtondo. Tsiku lachinayi anasinja, ndipo mwa chizolowezi anaimitsa munsi. Phiri linayankha nyimbo yonse, mudzi wonse ukumva.

Lero phirilo limatchedwa la Mkamwini, ndipo pathanthwe paja pali mulu wa miyala wosonyeza manda ake. Akazi a mbumba ya Nambewe akamasinja amagundabe kawiri n'kuimitsa munsi pang'ono. Mlendo akafunsa chifukwa chake, amangoti, "Tikudikira abambo ayankhe."