Mlendo Amene Anadya Mbewu

Kalekale, m'mudzi wina wa kuseri kwa phiri, munali sukulu ya makalasi atatu. Belu lake linali khasu lothyoka, lopachika pa mkuyu. Sunthirani kuno ana inu, utsi ukupita uko, mumve bwino.

Pa sukulupo panabwera mphunzitsi wochokera kutauni, a Likongwe. Munthu wa mafunso. Akaona nyerere, funso. Akaona utsi, funso. Anthu ankati bambo amenewa tsiku lobadwa anayamba afunsa mzamba dzina lake, kulira pambuyo.

M'kalasi mwawo munali mtsikana dzina lake Sigele. M'mawa masamu ankawathyola ngati nkhuni zouma. Koma khasu likangolira kachiwiri, Sigele mutu pa bondo, tulo. Lolemba tulo. Lachiwiri tulo. Lachitatu tulo.

"Sigele, ukudwala?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Wadya m'mawa uno?"

"Ndadya, aphunzitsi."

"Wadya chiyani?"

"Chakudya, aphunzitsi."

Inali nyengo ija mitambo yayamba kusonkhana, mvula ili pafupi, nkhokwe zambiri zili pululu. A Likongwe anati mumtima, "Ndikadzionere ndekha."

Loweruka ananyamuka ulendo kwa amayi ake a Sigele, a Nagama, mayi wamasiye. Anaodira. A Nagama anayala mphasa, analowa m'nyumba, anatuluka ndi mbale ya mtedza wokazinga. Mtedza wake waukuluukulu, wofanana ngati mapasa. Tsono kwawo kwa a Likongwe anawalera kuti ulemu ndi kumaliza m'mbale. Anadya, anadya, mbale mbee. Sigele anali chapatali pansi pa mango, akungoyang'ana.

"Pakhomo pano pali bwino, mayi?"

"Pali bwino, aphunzitsi. Mwatiyendera, tathokoza."

A Likongwe anabwerera akudzifunsa, "Mtedza wotere, njala ilowera pati?" Koma Lolemba khasu litalira kachiwiri, Sigele tulo.

Loweruka lina anapitanso. Anaodira. Mphasa. A Nagama analowa m'nyumba, anakhalitsako pang'ono, anatuluka ndi mbale ya khobwe wowiritsa. Khobwe wosafumbwa ngakhale mmodzi, kumangomveka kafungo ka phulusa chapatali. Anadya, anadya, mbale mbee.

"Pakhomo pano pali bwino, mayi?"

"Pali bwino, aphunzitsi."

Lolemba, Sigele tulo.

Loweruka lachitatu anapitanso. Anaodira. Mphasa. Ulendo uno kuseri kwa nyumba kunamveka nkhuku ikulira, kenako zii. Inabwera mbale ya nyama, m'katimo muli timazira tachikasu topanda chikamba. Anadya, anadya, anatafuna ndi mafupa omwe.

Lolemba, Sigele sanagone m'kalasi. Sanabwere n'komwe. Lachiwiri malo ake anali opanda munthu. Lachitatu chimodzimodzi.

Pa sukulupo panalinso a Dzimbiri, mlonda. Ndiwo ankaimba khasu lija, ndiwo ankayang'anira munda wa sukulu ndi nkhokwe yake. M'kalasi sanakhalemo chibadwire, koma pa zenera ankaona zonse. A Likongwe anawapeza akusoka dengu pansi pa mkuyu.

"Mwanenepatu masiku ano, aphunzitsi," anatero a Dzimbiri. "Lamba mwasuntha bowo."

"Musandiseke, a Dzimbiri, ndathedwa nzeru. Mwana amagona ngati wanjala, koma kwawo ndapitako katatu, ndipo katatu konse ndabwerako wokhuta. Tsopano wasiya kubwera. N'chiyani chimenechi?"

A Dzimbiri anaika dengu pansi. "Lero ndifunseko ine. Mtedzawo unali wotani?"

"Waukulu wokhawokha."

"Wosankha, eti? Munthu amasankha mtedza wongokazinga? Nanga khobwe?"

"Wokoma. Kungoti kafungo ka phulusa."

"M'phulusa timasungamo chiyani kuti anankafumbwe asalowe?"

A Dzimbiri anaponya funso lina.

"Nkhukuyo inali tambala?"

"Inali ndi timazira m'mimba."

"Thadzi loikira. Amene ali ndi nkhuku ziwiri sapha loikira. Funso lomaliza: m'mbalemo munasiyamo chiyani?"

"Ndinamaliza zonse. Si ulemu umenewo?"

A Dzimbiri anaseka mpaka kutsokomola. "Ulemu wa kwanu. Kuno mlendo amadya yekha, ana amadikira zimene wasiya. Mwana uja pansi pa mango sankawerenga masamba ayi. Aphunzitsi, inu mwadya mbewu ya a Nagama. Sigele ali ndi amayi ake m'minda ya eni, akuunga mizere kuti awapatse madeya. Mvula ikagwa sabata yamawa adzala chiyani? Kapena tikukwirireni inuyo mu mzere, tione ngati mungamere."

A Likongwe anagwira pamimba ngati pawatentha. "Nanga bwanji sanandiuze?"

"Mlendo amauzidwa kuti mbale iyi ndi yomaliza?"

"Ndiye ndisenza thumba la chimanga, ndikapereke lero lomwe."

"Senzani. Mudutse nalo pakati pa mudzi, aliyense aone kuti kwa a Nagama kwagwa njala. Akakulandirani bwino, akakuphikirani china chimene chatsala, ndipo thumbalo mubwerera nalo pamutu. Mayi uja sanapemphepo mchere chimwalirire mwamuna wake."

"Tsono titani?"

"Mwambo umene wakudyetsani mbewu, womwewo ubweze mbewu. Mlendo sakana mbale. Mlendo sachoka chimanjamanja. Inu kwawo mwapita katatu. Iwo kwanu kuno abwera kangati?"

A Likongwe maso anayera. Awiriwo anapita kwa ahedi. M'nkhokwe ya sukulu munali chimanga, mtedza ndi khobwe, zimene ana analima okha, zosungira phwando la tsiku lotsekera.

Ahedi anamvetsera, anakanda chibwano. "Ndi Sigele yekha?"

"Pa zenera ndimaona asanu ndi awiri," anatero a Dzimbiri. "Ena amagona, ena amangomwa madzi pa chitsime mpaka mimba tolo, wina amatafuna kolala ya malaya."

"Ndiye phwando la tsiku limodzi lidikire," anatero ahedi. "Itanani makolo a onsewo. Muitanenso ena okhuta awiri atatu, kuti pasaoneke kuti tasankha anjala."

A Likongwe anaimirira. "Kwa a Nagama ndipita ndine."

"Inu khalani pansi," anatero a Dzimbiri. "Mukapitanso akakuphikirani mphasa."

Anapita a Dzimbiri. Sanalowe pabwalo, anaima kumpanda. "Sindikhala, mlamu, ndili pa ulendo. Kusukulu kwagwa vuto. Aphunzitsi athu aja amadziwa mabuku onse, koma mbewu ndi chakudya sasiyanitsa. Ana akuphunzira umbuli. Akuti Lachisanu mubwere ndi Sigele, mudzawaonetse kasankhidwe ka mbewu."

A Nagama anawayang'ana nthawi yaitali. "Zoti sasiyanitsa, ndaziona ndi maso anga. Ndibwera."

Lachisanu alendo anafika. Ana anayala mphasa pansi pa mkuyu. A Nagama anatenga chisononkho cha chimanga, anachotsa njere za kumutu, anachotsa za kumchira, anasunga zapakati. Anasefa phulusa, anasakaniza ndi khobwe, anathira mu mtsuko, anamata pakamwa pake ndi dothi. A Likongwe anakhala pakati pa ana, kope pa bondo.

"Za kumchirazo zalakwa chiyani, mayi?"

"N'zazing'ono, zimamera zofooka."

"Phulusa la mtengo uliwonse?"

"Aphunzitsi, pumaniko, afunseko ana."

Khasu litalira kachiwiri, kunabwera phala la nsinjiro. Alendo poyamba, ana onse pambuyo, aliyense kapu yodzaza. Palibe anafunsidwa ngati wadya kwawo. Sigele anamwa, ananyambita m'mphepete mwa kapu, anakhala tsonga.

Nthawi yotsazikana, mlendo aliyense anapatsidwa phukusi: chimanga chodya, ndi mbewu imene anasankha ndi manja ake. Pa phukusi la a Nagama panagonanso thadzi lomanga miyendo, logula a Likongwe.

A Nagama analinyamula phukusi lija, analiika pansi. Anayang'ana a Likongwe. Anayang'ana a Dzimbiri, koma a Dzimbiri anali kalikiliki kuwerenga mitambo.

"Aphunzitsi, phukusili likulemera kuposa zimene ndaphunzitsa."

A Likongwe anaganiza msanga. Akakana mayi ameneyu, mvula ipeza munda wopanda mbewu, ndipo Sigele sabwereranso. Anayankha kuti, "Ndiye kuti phunziro silinathe, mayi. Mubwerenso Lachisanu. Za mfutso sitidziwa, za kusunga mbatata sitidziwa."

A Nagama anaseka pang'ono, anapinda nkhata, anasenza.

"Ndibwera. Koma chimodzi ndikuphunzitsiretu lero, mulembe m'kope lanulo. Mlendo amasiyako m'mbale."

A Likongwe analemba, anadula mzere kunsi kwake.

Mvula inagwa Lamulungu. A Nagama anadzala. Kusukulu phala linapitirira m'mawa uliwonse, ndipo makolo ankasinthana kubwera Lachisanu, wina kudzaphunzitsa, wina kudzatakasa phala, aliyense pobwerera kaphukusi pamutu. Sigele tulo tinatha. M'malo mwake anayamba mafunso. Funso, funso, funso, mpaka a Likongwe anakadandaula kwa a Dzimbiri kuti mwanayu sapumitsa munthu.

"Mwakolola mbewu yanu," anatero a Dzimbiri.

Nthawi yokolola a Likongwe anapitanso kwa a Nagama. Anaodira. Mphasa. Mbale ya mtedza. Anatola njere zitatu, anazitembenuza, anazinunkhiza.

"Idyani, aphunzitsi," anatero a Nagama. "Wambewu ndabisa."

Anadya theka, mbale anakankhira kwa Sigele.

Nthano yanga yafika pamchira, yathera pompa. Kaphuleni mbatata ija isanapserere. Yaikuluyo ndi yanga, poti mlendo pano ndine, koma musadandaule, theka ndikusiyirani.

Njala imabisala mlendo akaodira; wofuna kuipeza ayang'ane mwana, osati mbale.