Mchombo wa Haseya ndi Miyala Yofiira ya M'chigwa

Miyala yofiira ija mumaiona pa kanema, ija imaima payokhapayokha m'chigwa chopanda mitengo, amuna a zipewa zikuluzikulu akuthamangitsana pa akavalo m'munsi mwake, sinali choncho chiyambire. Senderani kuno, ana inu, mumve mmene inakhalira.

Kalekale, kudziko la anthu otchedwa Anavaho, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, chigwa chimenecho kunalibe. Dera lonselo linali chitunda chimodzi chachitali, chosalala pamwamba ngati mphasa yoyala. Munthu ankayenda masiku atatu osakwera, osatsika. Pamwambapo pankamera udzu wa nkhosa, ndipo anthu ankamangapo nyumba zozungulira za mitengo ndi dothi, khomo loloza kotulukira dzuwa.

Pakati pa anthuwo panali mayi wina dzina lake Dezba. Sanali wolankhulalankhula, koma maso ake sankaphonya kanthu. Ntchito yake inali kuwomba mabulangete a ubweya wa nkhosa, ndipo ankachedwa nawo mpaka anzake kumuseka. Akadutsitsa ulusi umodzi, ankaugogoda ndi chipeso chamtengo kasanu, mwina kasanu n'kawiri, mpaka ugwirane ndi unzake moti ngakhale singano inkavutika kulowa. Mkulu wake Yanaha ankatsiriza mabulangete atatu iye akadali pa loyamba.

"Iwe Dezba, ukuwomba bulangete kapena chitseko?" ankatero Yanaha. "Alamu anga afa ndi chisanu akudikira."

"Lanu lija, achemwali, mbewa inadutsamo osawerama. Ndinaona ndi maso angawa."

"Pakamwa pakopo! Koma ine amuna anga akufunda."

"Akufunda mabowo."

Chaka china Dezba anabereka mwana wamkazi, namutcha Haseya. Anthu a kumeneko, monganso kwathu kuno, sataya mchombo wa khanda. Ukauma n'kugwa, amaukwirira pakhomo, kuti mwanayo akadzakula, ngakhale apite kutali chotani, mtima uzimukokera kwawo. Dezba anakumba ndi manja patsinde pa mitengo yake yowombera nsalu, anaikamo mchombo wa Haseya, n'kupondaponda mpaka panasalala. Yanaha nayenso anali ndi khanda chaka chomwecho, ndipo mchombo wa mwana wakeyo anaukwirira kukhola la nkhosa.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, panafika mlendo. Anali wamtali, woonda, tsitsi lili nyankhalala, ndipo sankatha kuima malo amodzi. Ameneyu anali Mphepo. Masiku amenewo, akafuna kulankhula ndi anthu, ankabwera ndi miyendo ngati munthu.

"Odi kuno!"

"Fikani, bambo. Khalani pa chikopa apo."

"Kukhala ine sindikhala, mayi. Ndi zomwe zandibweretsa." Ankalankhula uku akuzungulira nyumba, mawu akumveka uku, kenako uko. "Ine nditabadwa, amayi anga anaika mchombo wanga pamwala kuti uume. Nditayetsemula koyamba, unauluka. Kuchokera tsiku limenelo sindidziwa kwathu. Ndikafika kum'mawa, mtima umati kumadzulo. Ndikafika kumadzulo, umati bwerera. Ndatopa, mayi."

"Pepani, bambo. N'zachisoni ndithu."

"Chisoni chanu sichindithandiza. Ndamva kuti mwakwirira mchombo watsopano pano. Ndipatseni ukhale wanga. Mwanayo ndi khanda, sakudziwa kanthu."

Dezba anayang'ana Haseya ali mtulo pa kathabwa kake komuberekera. Kenako anayang'ana mapazi a mlendoyo. Anali ong'ambikang'ambika, otuwa ndi fumbi la maiko ambiri, ndipo ngakhale mwini wake ataima, zala zinkangogwedezeka ngati zikufuna kunyamuka. Mumtima anati: mapazi a mwana wanga adzakhale otere?

"Madzi akumwa ndikupatsani," anatero. "Nyama ilipo. Bulangete ili ndikatsiriza, mutenge. Koma chimene mwapemphacho ayi."

"Mwana wanu adzaona maiko! Si mwayi umenewo?"

"Inu mwawaona. Mwabwera mukulira."

Maso a Mphepo anafiira psu. "Mayi, mukudziwa amene mukulankhula naye? Ndikumba chitunda chonsechi mpaka ndiupeze. Wanuwo, ndi ya ana onse a pano."

"Kumbani," anatero Dezba, n'kutola chipeso chake.

Mphepo sanachedwe. Anayamba ndi udzu, anauzula wonse. Kenako anasenda khungu la dziko, mnofu wake wofiira n'kuonekera. Ataona kuti yekha akuchedwa, anakaitana mlongo wake Mvula, amene kumeneko amabwera mwa apo ndi apo, koma akabwera amabwera ndi ukali. Mvula ankang'amba zigwembe, Mphepo n'kumasesa zogumukazo. Ndiye chitundacho chinali chosanjikizana: pakati mchenga wogwirana, pansi dothi lofewa. Akangofika pa dothi lofewalo, zapamwamba zinkagwa zokha.

Anthu anayamba kusamuka. M'mawa wina mwamuna wa Dezba anabwera kuchokera kukhola nkhope ili yakugwa.

"Amake Haseya, nkhosa zikudya mchenga. Fukula mchombowo tizipita nawo."

"Ndi zomwe akudikira, bambo ake. Ndikangoutulutsa, aulanda m'manja mwanga. Komanso mchombo wofukulidwa sugwiranso nthaka."

"Nanga ukhala pano mpaka nthaka ithe kunsi kwa mapazi ako?"

"Inu pitani ndi nkhosa kumene kuli udzu. Koma musanapite, muzimete zonse. Ubweya mundisiyire."

Mwamunayo anamuyang'ana ngati munthu wozungulira mutu. Koma Dezba anali ataona kanthu. Dzulo lake, kansalu kena kotsala pa ntchito yake kanagwera pansi, mwala n'kukapsinja. M'mawa atakanyamula, anapeza kuti pansi pake nthaka yatsala yokwera ngati chala chimodzi kuposa pozungulira ponse. Mphepo anali atalephera kudutsa mu ulusi wake. Koma pamene Yanaha anayanika bulangete lake, mchenga unali utatuluka m'mabowo ngati ufa mu sefa.

Nkhosa zinametedwa, amuna ananyamuka nazo, ndipo Dezba anayamba. Ankapota ulusi mpaka zala kuchita matuza, n'kumawomba, n'kumagogoda. Akatsiriza chigawo chimodzi, ankachiyala pamwamba pa malo aja anakwirira mchombo, kuchimata ndi matope, kuchipsinja ndi miyala, n'kuyamba china cholumikiza. Anauzanso amayi ena amene anali asanasamuke. Ena anamvera, ena anati, "Ife tilibe nthawi yosewera ndi matope," n'kumapita.

Mphepo ankadutsa akuseka. "Mayi, mukufunditsa nthaka? Ikumva chisanu?"

"Ikumva inu," ankayankha Dezba osadzutsa mutu.

Miyezi inapita, chaka chinatha, china chinalowa. Haseya anayamba kukwawa, kenako kuyenda, akugwira mitengo yowombera ya mayi ake. Zala zazikulu za Dezba zinatupa chifukwa chogwira chipeso, moti sizinkagonanso pamodzi ndi zinzake. Zinkangoima pazokha. Pozungulira ponse nthaka inali ikutsika, koma pamene panali bulangete lake panatsala pamwamba, mbali zake zili chiriri ngati khoma.

Tsiku lina Yanaha anafika akuthamanga, mwana ali kumsana, misozi ili mbwembwembwe.

"Dezba, mng'ono wanga, ndithandize! Bulangete langa lang'ambika. Khola lonse lagumuka, patsala malo ngati lichero, pomwe pali mchombo wa mwana wanga pokhapo."

Dezba anayang'ana mu dengu lake. Ubweya unali utatha, munangotsala ulusi wa chingwe chimodzi. Akanatha kunena kuti, ndinkakuuzani. Koma ayi. Anavula kabulangete kamene anafunda pamapewa, koyamba kuwomba ali mtsikana, kakang'ono koma kolimba ngati chikopa.

"Tengani aka. Mukamate ndi matope, mukapsinje. Thamangani."

"Nanga iwe ufunda chiyani?"

"Ntchito ikundifunditsa. Pitani, achemwali, musaime!"

Yanaha anakachita zomwezo, n'kubwerera kudzakhala ndi mng'ono wake.

Mphepo ataona kuti ngakhale kamalo kakang'ono kaja kamukanika, anapsa mtima kotheratu. Anauza Mvula kuti, "Mlongo wanga, lero tigwirizane. Iwe nyowetsa, ine ndinyamule." Kumwamba kunada bii masana. Mvula anakhuthuka, Mphepo anaomba mpaka miyala yopsinjira inayamba kugubuduka. Ngodya imodzi ya bulangete lalikulu lija inatukuka, ndipo inali ngodya yoyandikana ndi mitengo yowombera.

Dezba anapereka Haseya kwa Yanaha. "Lowani naye m'nyumba, musatuluke." Iye anakwawa mpaka pangodyapo, anagona chafufumimba, nagwira nsongayo ndi manja onse awiri.

"Siyani, mayi!" anakuwa Mphepo. "Manja anu akuchucha magazi!"

"Ndi anga."

"Ndikunyamulani pamodzi ndi bulangete lanulo!"

"Yesani."

Anayesa. Anabwera chakumpoto, anabwera chakummwera, analowa pansi pa mimba yake, anamuthira mchenga m'maso ndi m'kamwa. M'nyumba Haseya ankalira akuitana amayi, ndipo kulirako n'kumene kunkalimbitsa zala za Dezba zikafuna kumasuka. Masiku atatu anapita choncho. Lachinayi Mvula anati, "Achimwene, madzi anga atha, ine ndapita." Mphepo anaombanso kawiri, katatu, kenako kunangoti zii.

Dzuwa linatuluka laukali. Linaotcha bulangete lonyowa lija pamodzi ndi matope ake mpaka linauma gwa, kusanduka thanthwe. Dezba analigogoda ndi chipeso, chipesocho chinathyoka. Apo anaseka, koyamba pa zaka ziwiri.

Atasuzumira kumphepete, anaona kuti chitunda chija kulibenso. Kunali chigwa chachikulu chofiira, ndipo apo ndi apo pankaima miyala italiitali, paliponse pamene mayi wina anawomba molimba. Anamanga chingwe cha ulusi wotsala uja, natsika onse, ana ali kumsana.

Patsinde pa mwalawo anapeza Mphepo atatsamira khoma, miyendo atatambasula, akupuma wefuwefu. Dezba anayang'ana mapazi aja. Zala sizinkagwedezeka.

"Bambo," anatero, "mwakhala pansi."

Mphepo anadziyang'ana modabwa. "Eti! Ndakhaladi."

"Mchombo sindikupatsani, lero kapena mawa. Koma chigwa ichi mwakumba nokha ndi mphamvu zanu. Palibe amene akuchotsenimo. Muziyenda maulendo anuwo, mukatopa muzibwera kudzagona m'munsi mwa miyalayi. Pamwamba pokha musakhudze."

Mphepo anafunsa ndi mawu apansi, "Nanga ndidzapazindikira bwanji? Ine njira ndimaiwala."

Dezba anakweza manja ake awiri, zikhatho zong'ambika, zala zazikulu zotupa zitaima pazokha. "Awa mudzawaiwala?"

"Amenewo ayi," anatero Mphepo, n'kuseka mpaka kamvuluvulu anadzuka. Tsiku lomwelo anasankha miyala iwiri ikuluikulu, naisema mofanana ndi manja amene anamugonjetsa, kuti akamachokera kutali aziwaona. Mphepo atadekha, amuna anabwerera ndi nkhosa, anthu n'kumanga nyumba zawo m'chigwamo. Haseya anakula, anakwatiwa kutali, koma chaka sichinkatha osabwera kudzaona amayi ake, ndipo sanasocherepo.

Ndi chifukwa chake lero miyala ya m'chigwa chija ili yosalala ndi yolimba pamwamba: ndiwo mabulangete a amayi aja. M'munsi mwake muli milu ya zogumuka yotambalala ngati siketi, chifukwa Mphepo akabwera kudzagona amakandakandabe dothi lofewa lija, khalidwe lake silinathe. Mwala uja woonda ngati munsi ndi wa Yanaha. Iwiri ija yokhala ndi chala chachikulu choima pachokha ndi manja a Dezba.

Nanga za kanema? Munthu amene wakhala wopanda kwawo, akapeza kwawo sakhala chete. Mphepo anayamba kudzitama dziko lonse, atanyamula fumbi lofiira la m'chigwa chake, n'kumalithira m'maso mwa anthu. Amene lawalowa sapeza mtendere mpaka akaone kumene linachokera. N'chifukwa chake alendo amapita kumeneko ndi makamera, n'kumajambula amuna a mfuti ndi akavalo, osafunsa n'komwe kuti manja ali kumbuyowo ndi a yani.

Koma zidzukulu za zidzukulu za Haseya, zimene zili m'mizinda yakutali, zikaona kanema woteroyo sizimva kulira kwa mfuti. Maso awo amapitirira akavalo aja n'kukaima pa manja awiri ofiira. M'mawa mwake mumawapeza akumanga katundu.

Inunso michombo yanu ilipo, inakwiriridwa bwinobwino. Musafunse kuti ili pati. Mphepo angamve.