Wosoka Nsapato Amene Anakwatira M'mutu

Nkhani iyi ndinaimva kwa wowotcherera zitsulo wina amene ndinakhala naye pamthunzi basi itatifera panjira. Ankanena za mlamu wake, wosoka nsapato, yemwe ankagwira ntchito pakhonde la sitolo ina, atazunguliridwa ndi nsapato zoyasama kukamwa, chitini cha guluu ndi timisomali ta m'botolo. Manja anali nawo abwino, koma mutu sunkagona pamodzi ndi manjawo. Unkamupeza singano ili m'mwamba, ulusi uli lende, maso ali pakhoma, mwini wake ali kutali. Ukamufunsa ngati nsapato yako yatha, ankadzidzimuka n'kunena kuti, "Ndiganize kaye." Anthu anangolitola lomwelo kukhala dzina lake.

Kumapeto kwa khonde lomwelo kunali mayi wamasiye wosita zovala. A Ndiganizekaye mtima unawagwera pamenepo, ndipo mayiyo sanali wakhungu. Tiyi akaphika ankawathirirako. Nsapato zake ankabwera nazo ngakhale zitangosomoka kaulusi kamodzi.

"Aneba," anatero tsiku lina akuseka, "nsapato zanga zonse mwazitha. Kapena ndiyambe kuzing'amba dala?"

Bamboyo anamwetulira, nayang'ana kukhoma kwake. Mawu anali pamilomo, koma anafuna ayambe waiona bwino nkhaniyo mbali zonse. Ndiye anayamba kuiyeza m'mutu. M'mutumo anafunsira, analoledwa, ukwati unachitika. Anapeza nyumba ya zipinda ziwiri, makatani obiriwira. Kunja kuno nsapato za anthu zinkangounjikana, wina mpaka anamumatira chidendene chachikazi pa jombo.

Mchemwali wake, mkazi wa wondiuza uja, anamutsina khutu. "Achimwene, mkazi si nsapato yoti ikhala pashelefu kudikira inu mumalize kuganiza. Kayankhuleni."

"Ndikulingalira, mlongo wanga. Zinthu izi sathamangira."

Choipa chinali chakuti banja la m'mutulo linayamba kuvuta. Apongozi anabwera kudzakhala nawo osapempha. Kenako mkazi wa m'mutuyo anatulutsa makina osokera nsapato n'kuwasiya pamvula kuti mayi ake apeze pogona. Bamboyo zinamupweteka zenizeni. M'mawa mwake anafika pakhonde nkhope ili ndwii. Mayi uja atapereka moni, iye anatembenukira kukhoma. Atabweretsa tiyi, anakankha kapu ndi chala.

"Kodi ndakulakwirani chiyani, aneba?"

"Mukudziwa nokha," anayankha osatukula mutu.

Mayiyo anabwerera ku simbi yake akudzifunsa chimene anachita, osachipeza. Tiyi anasiya kuwoloka khonde. Pamene a Ndiganizekaye ankamaliza kumukhululukira m'mutumo, apongozi atawabweza kwawo, masabata anali atapita ndithu.

Nthawi yonseyo dalaivala wa galimoto yobweretsa buledi kusitoloko ankasititsa malaya ake pamenepo. Iyeyu analibe zambiri. Anangoima ndi malaya kumanja n'kunena kuti, "Mayi, ine ndili ndekha, inunso muli nokha. Mukandilola ndikaonekere kwa abale anu." Wosoka nsapato anamva ndithu, koma anati aone kaye ngati munthuyo akunenetsa.

Tsiku lina mayi uja anabwera ndi nsapato zoyera zazitali, naziika pabenchi mwaulemu.

"Mundilimbitsireko chidendenechi. Ndi zovala pa ukwati wanga."

Nyundo inagwa pansi. "Ukwati? Nanga ine?"

"Inu chiyani, aneba?"

"Si paja ine ndi inu tinagwirizana kuti..." Anaima pomwepo, pakamwa pali yasa, atakumbukira kumene anagwirizanako.

Mayiyo anamuyang'ana wopanda mkwiyo. "Ine ndinadikira mpaka makala kuzima m'simbi. Mukanangotsegula pakamwa. Koma munatsegula kamodzi kokha, ndipo kunali kundikalipira."

Chidendenecho anachikhoma bwino kwambiri, akuti kuposa ntchito ina iliyonse imene anagwirapo. Mayiyo atakwatiwa anasamutsa tebulo lake, pakhondepo n'kubwera wogulitsa maloko. Wowotcherera zitsulo uja pomaliza anapukusa mutu n'kunena kuti akuluakulu sananame: ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Mwambiwo sinditsutsa. Koma ine ndayenda, ndipo anthu a maso apakhoma ndakumana nawo ambiri. Chimene ndimakayika n'chakuti bamboyo ankamufunadi mayi wa simbiyo, wa thukuta ndi mawu akeake. Ndikuona ngati ankakonda wa m'mutu uja, ndipo ameneyo palibe dalaivala anamulanda.